Kuyenda wapansi mu Edinburgh: yambirani pamwamba, muzitsika

Mapu a pafoni amauonetsa mzinda wa Edinburgh ngati woyalidwa pamalo osalala, n'chifukwa chake alendo ambiri amafika masana atatheratu. Foni imakuuzani kuti msewu wa Cowgate umadutsana ndi wa George IV Bridge, inu n'kupita kukafuna pokhotera. Pokhoterapo palibe. Cowgate uli pansi m'chigwa, George IV Bridge ukudutsa pamwamba pake, ndipo kuti muchoke pa wina kupita pa unzake muyenera kuzungulira ndithu kapena kupeza masitepe obisika pakati pa nyumba.

Ngati mwafika ku likulu la Scotland patchuthi ndipo mwaganiza zoliona wapansi, mwaganiza bwino. Pakati pa mzindawu si papakulu, ndipo zosangalatsa zake zambiri zili m'malo amene galimoto sifika. Koma musanafunse kuti malo akutiakuti ali patali bwanji, yambani mwafunsa ngati ali pamwamba kapena pansi. Malangizo anga onse atsamira pamenepa: kwerani kamodzi m'mawa miyendo ikadali ndi mphamvu, tsiku lonselo muzingotsika.

Chimene chinauumba mzindawu chonchi ndi thanthwe limene pakhala linga la Edinburgh Castle. Thanthwelo ndi chotsalira cha phiri lophulika la zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, mwala wolimba kwambiri. Nthawi imene madzi oundana ankakokolola dziko kuchokera kumadzulo, anakumba zigwa mbali zonse ziwiri za thanthwelo koma lokhalo linawakanika, choncho kuseri kwake, chakum'mawa, kunatsala mtunda wautali wotsetsereka pang'onopang'ono. Pamsana pa mtunda umenewo ndi pamene panadzadutsa msewu wa Royal Mile, wotalika pafupifupi makilomita 1.8, kuchokera pa linga mpaka kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Tinjira topapatiza, timene eni ake amatitcha close, timachoka pamsewuwu kutsikira kumpoto ndi kum'mwera ngati minga ya nsomba yochokera pafupa la msana. Mukasunga chithunzi chimenechi m'mutu simusochera. Mukasokonezeka, kwerani kanjira kalikonse kamene kali pafupi, mukatulukira pa Royal Mile.

Milatho inadza pambuyo kuti anthu aziwoloka zigwazo osatsikamo. Wa South Bridge, umene unatha kumangidwa mu 1788, uli ndi zipata 19 kunsi kwake, koma nyumba anazimanga mogundizana nawo mbali zonse, moti mukamayenda pamwamba mumangoona ngati muli pamsewu wamba. Pamalo amodzi okha ndi pamene nyumba zimalekana, ndipo mukasuzumira pamenepo mumaona Cowgate patali pansi panu.

Zovala, nyengo ndi kuwala

Misewu yambiri ya Old Town, chigawo chakale cha mzindawu, inayalidwa ndi timiyala, ndipo timiyalato tikanyowa timaterera. Valani nsapato za mphira kunsi, zimene mwayenda nazo kale mpaka zinazolowera phazi lanu. Nsapato yatsopano pamasitepe amenewa imabala matuza dzuwa lisanafike pamutu. Ambulera sindiilimbikitsa, chifukwa mphepo ya mumzindawu, makamaka pa North Bridge ndi pamwamba pa mapiri, imaitembenuza n'kuithyola. Jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa chake ndi imene imathandiza. Mkati valani zopyapyala zingapo zosanjikiza m'malo mwa juzi imodzi yokhuthala, chifukwa pokwera mumatuluka thukuta ndipo mukangoima pamwamba mphepo imakuzizirani pomwepo. Ngakhale mu Julayi, masiku ambiri kutentha kumangofika cha m'ma digiri 19. Masiku ena chifunga chochokera kunyanja, chimene amachitcha haar, chimakuta mzinda wonse moti linga silioneka n'komwe. Tsiku loterolo musavutike kukwera phiri. Lipatseni tinjira ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale.

Kutalika kwa tsiku ndi nkhani ina imene munthu ayenera kuikonzekera. Mzindawu uli kumpoto kwambiri, kotero mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 4:30 m'mawa n'kukalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Mutha kudya chakudya chamadzulo kenako n'kukakwera phiri kukadali kowala. Mu Disembala zimatembenuka: limatuluka itadutsa 8:30 ndipo 4 koloko isanakwane lalowa kale. Amene wapita m'nyengo yozizira aike zoona panja pakati pa 10 koloko ndi 3 koloko, zam'nyumba azisungire madzulo.

Mwezi wa Ogasiti ndi wa zikondwerero za zisudzo ndi nyimbo, Edinburgh International Festival ndi Fringe, zimene zinayamba mu 1947. Ndi nthawi yosangalatsa kwa wokonda zisudzo, koma kwa woyenda wapansi ndi yovuta: chigawo cha Royal Mile chotchedwa High Street chimadzaza mpaka kusowa poponda, ndipo malo ogona amakwera mtengo kwambiri. Ngati cholinga chanu ndi kuona mzinda weniweniwo, sankhani Meyi, Juni kapena Seputembala.

Zina n'zazing'ono. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ndiye tengani botolo muzidzaza. Pafupifupi paliponse amalandira khadi. Mukapatsidwa ndalama za pepala zolembedwa Bank of Scotland, Royal Bank of Scotland kapena Clydesdale Bank musadabwe, ndi mapaundi omwewo, kungoti mabanki a ku Scotland amasindikiza awoawo. M'mabasi a mumzinda dalaivala sapereka chenji. Ndipo pa Princes Street muziyang'ana kawiri musanawoloke, chifukwa tram, sitima yoyenda mumsewu, imabwera mwakachetechete.

Kutsika Royal Mile

Mukatulukira pa siteshoni ya sitima ya Waverley muli pansi penipeni pa chigwa chakumpoto. Tulukirani khomo la ku Market Street. Patsogolo panu pali njira ziwiri zokwerera: masitepe a Fleshmarket Close, amene amangolunjika pamwamba, ndi msewu wa Cockburn Street umene umakwera mokhota pang'onopang'ono. Ine ndimasankha Cockburn Street nthawi zonse. Umatalikirapo pang'ono koma mumafika pamwamba mpweya uli m'malo. Mukafika pa High Street khoterani kumanja, mukwere osaima mpaka pa linga. Zimene mukuzidutsazo musazione kaye, muzidutsanso potsika.

Linga amatsegula 9:30 m'mawa ndipo kulowa n'kolipira. Gulirani tikiti pa intaneti pasadakhale, chifukwa m'miyezi yotentha amatha. Mkati muli katchalitchi ka St Margaret's Chapel, kamene Mfumu David I inamanga m'zaka za m'ma 1100 pokumbukira mayi ake, ndipo ndi nyumba yakale kuposa zonse mu Edinburgh. Ndi kakang'ono moti anthu ochepa akalowa kadzaza. M'lingamo mulinso chisoti, ndodo ndi lupanga zachifumu za Scotland. Mwala umene ankalongerapo mafumu, Stone of Destiny, anausamutsira ku Perth mu 2024, ndiye musaufunefune. Tsiku lililonse kupatula Lamlungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi, 1 koloko yeniyeni amaomba mzinga. Mwambowu unayamba mu 1861 pofuna kuti oyendetsa zombo pa Firth of Forth, nyanja ya kumpoto kwa mzindawu, azikonzera mawotchi awo. Ngati ndalama zili zochepa, sindikuona chovuta kuti muime pabwalo la kutsogolo kwa linga, pamene salipiritsa, muone mzinda mbali zonse ziwiri n'kuyamba kutsika. Mzingawo mudzaumva kulikonse kumene muli pakati pa mzinda.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsere bwino. Royal Mile weniweniyo, ukangomuyenda pakati, ndi mashopu ogulitsa nsalu za mandalasi a mitundumitundu, timabotolo ta kachasu wa ku Scotland ndi zikumbutso zofanana khomo lililonse. Munthu atha kuyenda msewu wonsewo mphindi 25 n'kumadabwa kuti anthu amautamandira chiyani. Mzinda wakale uli m'tinjira tam'mbali. Lamulo limene ndimatsatira ndi loti kanjira kalikonse kamene chipata chake chili chotsegula ndilowemo, ngakhale mapazi khumi okha, ndione kumene kakulowera.

Mukatero mumayamba kumvetsa mmene anthu ankakhalira. Mzinda unali wotsekeredwa ndi khoma, malo omangapo kunalibe, ndiye anthu ankamanga chokwera, nyumba zina mpaka nsanjika 10 kapena kupitirira. Olemera ndi osauka ankakwera masitepe amodzi: opeza bwino ankakhala nsanjika zapakati, osauka pamwamba penipeni kapena m'zipinda zapansi zamdima. Madzi ankachita kusenza kukwera nawo, zonyansa ankazikhuthulira mumsewu. Imani pakati pa kanjira kamodzi mutambasule manja, muone mmene makoma ayandikirana, kenako muyang'ane kumwamba kuti kuwala kukulowera pati.

Pa Lawnmarket, chigawo chakumtunda cha Royal Mile, mbali ya kumanzere potsika, lowani Lady Stair's Close. Mutulukira pakabwalo kabata pamene pali Writers' Museum, yolowa ulere. Chakumunsi pang'ono, moyang'anizana ndi tchalitchi cha St Giles, pali Advocate's Close. Musatsike masitepe ake onse, chifukwa akakutayani ku Cockburn Street n'kuyambanso kukwera. Ingoimani pamwamba muyang'ane kudzera pachipata chake: chipilala chakuda cha Scott Monument chimaonekera patali pakati pa makoma awiri. M'tinjira tambiri mukukhalabe anthu, mawindo amene mukuwaonawo ndi a zipinda zawo zogona, ndiye mawu akhale apansi ndipo kamera isaloze m'nyumba za eni.

Kutsogolo kwa St Giles yang'anani pansi. Pali mtima wopangidwa ndi timiyala, Heart of Midlothian, pamalo pamene panali khomo la ndende ya Old Tolbooth imene inagwetsedwa mu 1817. Anthu a mumzindawu amalavulirapo akamadutsa, mwambo wakale ndithu, choncho uzungulireni. Tchalitchicho chinayamba mu 1124. Lowani, ndipo mufunse kumene kuli Thistle Chapel ya mu 1911, kachipinda kamene matabwa ake anasemedwa mwaluso lodabwitsa. Mu St Giles ndi mmene John Knox, mtsogoleri wa Achipulotesitanti, ankalalikira nthawi imene Scotland inkasiya Chikatolika, ndipo manda ake ali kuseri kwa tchalitchi, pamalo amene lero amaimikapo magalimoto, pa nambala 23. Ndi m'tchalitchi chomwechi mmene bokosi la Mfumukazi Elizabeth II linagonekedwa mu Seputembala 2022 kuti anthu adzatsanzike.

Mukapitirira kutsika mufika pamphambano ya St Mary's Street, pamene pali timiyala ta mkuwa mumsewu. Timasonyeza pamene panali chipata cha Netherbow Port, mapeto a mzinda wakale. Kuyambira pamenepa muli mu Canongate, imene inali tawuni payokha mpaka 1856. Khamu limachepa, ndipo kwa ine chigawo ichi ndi chokoma kuposa chapamwamba chija. M'manda a Canongate Kirk mwagona Adam Smith, katswiri wa zachuma uja. Mukangodutsa tchalitchicho, kumanzere, pali khomo losaoneka bwino la Dunbar's Close. Kuseri kwake kuli dimba lokonzedwa monga ankakonzera m'zaka za m'ma 1600, lokhala ndi mabenchi, lolowa ulere. Ngati mwanyamula chakudya chamasana, dyerani pamenepa.

Pansi penipeni pali nyumba ziwiri zoyang'anizana. Ina ndi nyumba ya malamulo ya Scotland, imene inajambulidwa ndi Enric Miralles wa ku Barcelona ndipo inatsegulidwa mu 2004. Kulowa ndi ulere, amangokufufuzani pakhomo, ndipo mutha kukaona chipinda chimene aphungu amakambirana. Inayo ndi Holyroodhouse, kumene mfumu imafikira ikakhala ku Edinburgh, pamodzi ndi mabwinja a nyumba ya amonke imene inayamba mu 1128. Kumeneko n'kolipira, ndipo amatseka pamene a banja lachifumu alipo, makamaka kumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi. Amene amakonda mbiri ya Mary, Mfumukazi ya Scotland, akaone chipinda chimene mlembi wake David Rizzio anagwidwira n'kuphedwa mu 1566.

Mapiri awiri

Mukaima pa Holyrood, phiri la Arthur's Seat lili pamphuno panu, ndipo mtima umafuna kungopitiriza. Ndikukulangizani kuti mulipatse m'mawa wake wake. Ndi lalitali mamita 251 okha, koma kupita ndi kubwera kumatenga pafupifupi maola awiri, ndipo chigawo chomaliza ndi cha miyala yoterera imene mapazi a anthu anaisalaza. Njira yodziwika imayambira pafupi ndi nyumba yachifumu, kudutsa m'munsi mwa mabwinja a St Anthony's Chapel, n'kukwera ndi chigwa mpaka pansonga. Amene mawondo amawavuta ayambire ku Dunsapie Loch, mbali ya kum'mawa, kumene chitunda chake n'chachifupi. Kumwambako kulibe chimbudzi, kulibe shopu, kulibe magetsi. Musakwere mdima ukuyandikira, ndipo musayandikire m'mphepete mwa maphompho a Salisbury Crags kukakhala mphepo. Kukakhala kowala mumaona mzinda wonse, nyanja, milatho ya pa Forth ndi dera la Fife kutsidya.

Calton Hill ndi ya aliyense. Kuchokera kumapeto a kum'mawa a Princes Street, tsatani Waterloo Place, mupeza masitepe kumanzere, ndipo pasanathe mphindi 10 muli pamwamba. Pali nsanamira 12 za National Monument, chikumbutso cha asilikali amene anafa pankhondo zolimbana ndi Napoleon, chimene anayamba kumanga mu 1826 n'kuchisiya mu 1829 ndalama zitatha. Pansanja ya Nelson Monument pali mpira umene anauika kuti uzigwa 1 koloko, ntchito yake yofanana ndi ya mzinga uja, kuti oyendetsa zombo aziuona ali padoko. Pitani kumeneku dzuwa likamalowa, muime pafupi ndi chipilala cha Dugald Stewart muyang'ane kumadzulo. Wotchi yaikulu imene mukuiona pansanja ya hotela ya Balmoral amaiika dala patsogolo ndi mphindi 3 kuti anthu asasiyidwe ndi sitima, choncho musakonzere yanu pamenepo.

Mbali ya kum'mwera

Chigawo ichi chimakwana theka la tsiku ndipo chimayenda bwino kukakhala mvula, chifukwa chimathera m'nyumba. Kuchokera pa Lawnmarket lowani George IV Bridge, mukhotere kumanja kutsika Victoria Street, msewu wokhota wa mashopu a utoto wowala. Umakufikitsani pa Grassmarket, pamene kale panali msika wa ziweto komanso pamene ankanyongera anthu poyera mpaka 1784. Yendani mpaka kumapeto a kumadzulo, mupeza masitepe a Vennel kumanzere. Awa ndi masitepe okhawo amene ndikukupemphani kuti mukwere masana. Mukafika pakati tembenukani: linga limaonekera pamwamba pa thanthwe lake lonse, ndipo pamenepa ndi pamene mumamvetsa chifukwa chake linali lovuta kulilanda. Pamwamba pa masitepewo pali chotsalira cha Flodden Wall, khoma limene anamanga Scotland itagonja pankhondo ya ku Flodden mu 1513.

Kuchokera pamenepo pitirizani mpaka Lauriston Place, mukhotere kumanzere, kenako kumanzerenso pa Forrest Road, mufika ku Greyfriars osatsikanso m'chigwa. M'tchalitchi chimenechi ndi mmene anthu anasainira National Covenant mu 1638, kukana kuti mfumu iziwalamula kapembedzedwe, ndipo ena mwa amene anaimirira pa pangano limenelo anadzafera pa Grassmarket paja. Mandawo ndi oyenera kuyendamo mofatsa. Panja pake pali chiboliboli cha kagalu, Greyfriars Bobby, kamene amati kanalondera manda a mbuye wake mpaka kanafa mu 1872. Alendo anazolowera kukasisita pamphuno mpaka utoto unachoka, ndipo eni mzinda amapempha kuti anthu aleke. Kajambuleni, osakagwira.

Kungowoloka msewu muli pa Chambers Street, pa National Museum of Scotland. Kulowa ndi ulere, muli zimbudzi, muli pokhala, ndipo munthu atha kutheramo tsiku lonse. Muli Dolly, nkhosa imene inabadwa mu 1996 asayansi ataipanga kuchokera ku selo la nkhosa ina yaikulu. Chimene ambiri amachiphonya ndi denga: kwerani chikepe mpaka pamwamba, mutulukira pakhonde loonera mzinda wonse popanda kukwera sitepe.

New Town ndi mtsinje

Tsiku la New Town miyendo imapuma. Chigwa chimene muli dimba la Princes Street Gardens kale chinali dziwe la madzi oipa lotchedwa Nor Loch. Old Town itadzaza mopitirira, akuluakulu a mzinda anachititsa mpikisano wojambula mzinda watsopano kutsidya kwa dziwelo, ndipo anapambana ndi mnyamata wina, James Craig, amene pulani yake inavomerezedwa mu 1767: misewu itatu yowongoka, Princes Street, George Street ndi Queen Street, ndi bwalo mbali iliyonse. Dothi limene ankakumba pomanga maziko ankalitaya m'chigwamo, ndipo mulu umenewo ndi umene lero uli msewu wa The Mound. Olemera anasamukira kutsidyako, osauka anatsala m'tinjira tija. Mbali ziwirizi pamodzi zinalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 1995, ndipo kusiyana kwake mumakumva m'mapazi momwe mukangowoloka.

Yambirani pa Scott Monument, chipilala cha mamita 61 chokhala ndi masitepe 287 amene amapanikiza mukamayandikira pamwamba. Ine ndimati amene wakwera Calton Hill sakufunikanso kukwera apa. Koma pambali pake penipeni pali chiboliboli chimene ambirife tingafune kuimapo: David Livingstone, atanyamula Baibulo, chikopa cha mkango chili kumbuyo kwake. Anachiumba ndi mayi Amelia Hill ndipo chinaimikidwa mu 1876, patangotha zaka zitatu iye atamwalira. Anthu ambiri amangochidutsa akuthamangira chipilala chachikulucho.

Kenako pitani pa St Andrew Square. Pakati pake pali chipilala chachitali kuposa mamita 40, pamwamba pake paima Henry Dundas, amene anali munthu wamphamvu kwambiri pa ndale za Scotland kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Mu 1792, nyumba ya malamulo ku London ikukambirana zothetsa malonda a akapolo, iye ndi amene anabweretsa ganizo loti athetsedwe pang'onopang'ono, ndipo malondawo sanathe mpaka 1807. Mu 2021 mzinda unaika chikwangwani patsinde pa chipilalacho chonena kuti m'zaka za kuchedwako anthu a ku Africa oposa theka la miliyoni anawolotsedwa nyanja ya Atlantic ngati akapolo. Mmodzi mwa amene analimbikira kuti chiikidwe ndi Sir Geoff Palmer, wasayansi wobadwira ku Jamaica amene anali pulofesa woyamba wakuda ku Scotland. Ena mwa mbumba ya Dundas ndi akatswiri ena a mbiri amatsutsa mawuwo, amati iye ankafuna njira yoti lamulolo lidutse. Werengani nokha chikwangwanicho mpaka pansi. Ndimaona kuti munthu amene wachiwerenga amaziyang'ana mwina nyumba zokongola za George Street, chifukwa china mwa chuma chimene chinamanga dera limeneli chinachokera ku minda ya nzimbe ya ku Caribbean.

Tsatani George Street mpaka Charlotte Square, bwalo limene anajambula Robert Adam. Nyumba ya nambala 6, Bute House, ndi kumene amakhala nduna yaikulu ya Scotland, ndipo ili pamsewu pomwepo popanda mpanda wautali. Pamphambano iliyonse mukamadutsa yang'anani kumpoto: misewu imatsetserekera kunyanja ndipo madzi a Forth amaonekera kumapeto kwake. Minda yokhala ndi mipanda yachitsulo, monga Queen Street Gardens, ndi ya anthu okhala pafupi amene ali ndi makiyi, ndiye musavutike kufuna khomo.

Kuchokera pa Charlotte Square tulukirani ku Queensferry Street, ndipo musanakwere mlatho wa Dean Bridge tsikani kanjira ka Bell's Brae kumanzere. Pasanathe mphindi zisanu phokoso la magalimoto latha, muli mu Dean Village, pamene kwa zaka mazana ambiri panali zigayo za madzi zogayira ufa wa buledi wa mzinda wonse. Ndi malo okhala anthu, mulibe malo odyera kapena zimbudzi za alendo, choncho onani mudutse. Tsatani mtsinje wa Water of Leith kumene madzi akulowera. Mudutsa kunsi kwa Dean Bridge, umene anajambula Thomas Telford, ndipo pokhapokha muli pansi pake ndi pamene mumaona kutalika kwake. Patsogolo pali St Bernard's Well, kanyumba ka nsanamira kozungulira ka mu 1789, pamwamba pa kasupe amene anthu ankakhulupirira kuti madzi ake amachiritsa. Mphindi zina zochepa muli mu Stockbridge, kumene Lamlungu kumakhala msika wa zakudya, ndipo kuno ndi kumene ndingakulangizeni kudya m'malo mwa pa Royal Mile.

Ngati mphamvu zilipo, Royal Botanic Garden ili pafupi ndipo kulowa m'dimbamo ndi ulere. Amene akufunabe kuyenda atsatire mtsinjewo makilomita ena angapo mpaka The Shore ku Leith, doko lakale la mzindawu. Kukagwa mvula yambiri zigawo zina za njirayi zimachita matope ndipo nthawi zina amazitseka, ndiye tsatirani zikwangwani zimene aika. Pobwerera musayende wapansi. Kuchokera ku Stockbridge kapena ku Leith kupita pakati pa mzinda ndi chitunda chokhachokha, ndipo mudzakhala mutayenda kale mokwanira. Ku Stockbridge kwerani basi. Ku Leith, kuyambira mu 2023 tram imafika mpaka Newhaven, imaima pa The Shore, ndipo ikakutsitsani pa St Andrew Square kapena pa Princes Street. Lipirani pa siteshoni musanakwere, chifukwa mkati mwa tram mtengo wake umakhala wokwera.